Kope Lake, Kalata Yanga

Mwana wanga wamkazi anayamba kuwerenga mabuku a atsikana amatsenga ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala ku Alexandria, m'dziko la America, pa nthawiyo, chapakati pa zaka za m'ma 1980, m'fulati ya zipinda ziwiri pa nsanjika yachitatu. Loweruka lililonse ankapita ku laibulale ndi chikwama chopanda kanthu, n'kubwerako phewa limodzi litapendekeka. Mabukuwo anali ang'onoang'ono, a zikuto zofewa, ndipo pachikuto chilichonse panali mtsikana: wina maso ali mbee opanda kadontho kakuda, wina tsitsi lili njo, wina ataima pamanda atanyamula kandulo. Ine zikuto zimenezo zinkandinyansa. Ndikamasesa kuchipinda kwake ndinkawatembenuza mabukuwo kuti ayang'ane pansi, iye akabwera n'kuwatembenuzanso.

Bambo ake ankangondiseka. "Mwana akuwerenga inu n'kumadandaula? Anzathu ana awo amaswera pa TV." Iwo ndi munthu wa sukulu. Anabwera kuno kudzaphunzira pa yunivesite ya ku Foggy Bottom, atamaliza anapeza ntchito mu ofesi ina komweko, ine n'kuwatsatira mwanayo ali ndi zaka zitatu. Chibwerereni tinali tisanapondeko kumudzi. Nanenso ndinkagwira ntchito yotayipa makalata chakomweko, ndipo Chingerezi ndinkachiwerenga bwinobwino. Koma kudziwa kutayipa sikufufuta zimene munthu unakula nazo. Kwathu ku Dedza ufiti si nkhani ya m'buku. Ndinakula ndikudziwa kuti mfiti imafuna ana, imawakopa ndi chakudya, ndipo mwana amene waphunzitsidwa sasintha nkhope: amadya nanu, amaseka nanu, mukamutuma amapita.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti m'mabuku akewo mumachitika zotani. Anandiyankha m'Chingerezi, monga ankachitira chiyambireni sukulu. Anati mtsikana wamba amatulukira kuti ali ndi mphamvu, poyamba amaopa, kenako amapulumutsa anthu, ndipo makolo ake amakhala omaliza kudziwa. Mawu omalizawo sanandisangalatse. Ataona nkhope yanga anaseka n'kunena kuti, "It's just a story, Mommy." Ine ndinkamuyankhula Chichewa, iye n'kumabweza Chingerezi, ndipo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti Chichewa chake chimathera pa "bwera kuno", "tsuka mbale" ndi "wadya?".

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, bambo ake anatumidwa kunja ndi ntchito kwa masabata atatu. Lolemba loyamba ndinadzuka ndi chimfine ndipo sindinapite ku ntchito. Munthu ngati ine sakhala manja lende, choncho chakumasana ndinayamba kusintha nsalu za pabedi. Pansi pa matiresi ake ndinapezapo kope lachikuto chakuda. Ndisaname, ndinalitsegula mosazengereza. Ndinkayembekeza kupezamo dzina la mnyamata ndi timitima tojambula, ndipo mawu okalipira ndinali nditawakonza kale.

Munalibe mnyamata. Mzere woyamba, wolembedwa m'Chingerezi ndi dzanja lake lopendekeka lija, unkati: "Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndimakhala pa nsanjika yachitatu ku Alexandria, ndipo amayi anga sadziwa chimene ndili." Ndinakhala pansi pabedi losayalalo. Zonse zimene zinali mmenemo zinali zathu: kapu yachikasu yothyoka chogwirira, chikepe chimene chinkafa Lachisanu lililonse, mayi wotayipa amene amatembenuza mabuku kuti ayang'ane pansi. Kenako analemba kuti tsiku lina ali kuchipinda chochapira zovala, pansi penipeni pa nyumba yathuyo, mayi wina anamupatsa siwiti wofiira. Chidyereni siwitiyo, akagwira chitseko cha makina oumitsira zovala, omalizira aja a kukhoma, amalowa mkati n'kutulukira ku Africa, n'kubwerako zovala zisanaume.

Makina amenewo ndinkawadziwa. Ndinkamutuma kumeneko Lachitatu lililonse akaweruka ku sukulu, ndipo nthawi zonse ankachedwako.

Mpaka pamenepo ndikanatha kudziuza kuti ndi mabuku aja amulowa m'mutu. Koma ndinatembenuza tsamba. Analemba kuti akatulukira kumeneko amapezeka pansi pa mtengo wa msuku, m'mphepete mwa manda, ndipo amakumana ndi mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene amamudikira. Mnyamatayo anamuuza kuti: "Ndine mchimwene wako. Anandibweretsa kuno amayi okhaokha, mvula ikugwa, atandikulunga m'chitenje chobiriwira cha nsomba. Palibe amene analira."

Kutatsala zaka ziwiri kuti mwana wangayu abadwe, ndinabereka mwana wamwamuna wakufa kale. Kwathu mwana wotere timati nthayo. Sapatsidwa dzina, salira maliro, amuna sapitako. Amayi akuluakulu amakamuika m'mphepete mwa manda mwakachetechete, ndipo iwe make amakuletsa kugwetsa msozi, amati ukalira sudzaberekanso. Ukatero nkhaniyo yatha, sutchulanso. Achemwali anga aakulu ndi amene anamunyamula, ndipo ndi iwo anandinong'oneza pambuyo pake za mtengo wa msuku. Chitenje cha nsombacho chinali changa. Bambo ake pa nthawiyo anali ku Zomba ku sukulu, ndipo za mvula kapena mtundu wa chitenje sankazidziwa.

Ndinaimirira, ndinakhalanso. Ndinapita kukhitchini kukamwa madzi. Ndinadzifunsa kuti ndani pa dziko lino la America amene ankadziwa za chitenje chimenecho, ndipo dzina linabwera limodzi lokha. Ndinali ndi mnzanga wa ku Chipata, ku Zambia, amene ankakhala ku Landover. Tinadziwana ku tchalitchi. Anali wamkulu kwa ine pang'ono, wosakwatiwa, wopanda mwana, ndipo Loweruka lachiwiri lililonse ankabwera kudzamuluka tsitsi mwana wanga. Iyeyo ndinamuuzapo tsiku lina mtima utandilemera. Koma mayi wa ku Chipata mwambo amaudziwa, sangauze mwana nkhani ya nthayo. Ngati mwana anaidziwa kudzera mwa iye, ndiye kuti awiriwa ankakumana kwina kumene ine sindifikako. Ndipo mayiyu sankabwera chimanjamanja. Ulendo uliwonse ankatenga zitumbuwa kapena mtedza wokazinga, n'kumupatsira mwanayo m'manja.

Ndinabweza kopelo pamene ndinalipeza. Cha m'ma folo koloko ndinamva kiyi pachitseko. Analowa mphuno itafiira ndi chisanu, anaponya chikwama pansi, n'kubwera kudzandikumbatira pondifunsa za chimfine. Ine thupi linauma gwa. Ndilembe poyera chifukwa ndi mmene zinalili: ndinamuopa mwana wanga wobereka ndekha. Ndinamuyang'ana akudya buledi ataima pafiriji, akunyambita chiponde ku chala, ndipo ndinkafufuza pankhope pake chizindikiro chimene sindinkadziwa n'komwe kuti chimaoneka bwanji.

Munthu wanzeru akanangomufunsa. Koma kwathu amati mwana wophunzitsidwa sumufunsa mwachindunji, chifukwa amene anamuphunzitsayo amamva, ndipo amatha kumutseka pakamwa mpaka kalekale. Komanso, kunena zoona, ndinkaopa kuti ayankha kuti inde. Bambo ake anali kutali, ndipo ndinkadziwa kale mmene akanavulira magalasi n'kundiyang'ana. Ku tchalitchi nako ayi. Amalawi ndi a ku Zambia tinalipo ochepa moti nkhani ukainena Lachitatu, pofika Lamlungu aliyense amakupatsa moni wachisoni. Mnzanga yekhayo amene ndikanathamangirako ndi amene ndinkamukayikira. Ndinasowa mtengo wogwira.

Lachiwiri ndinapita ku ntchito ndi chimfine changa chomwecho. M'sitima ya Metro ndinkangoona nkhope ya achemwali anga. Iwo ndi amene anandilera amayi atamwalira, iwo ndi amene sanapite ku sukulu kuti ine ndipite, ndipo chinthu chilichonse chikandikulira ndinkathawira kwa iwo. Nthawi ya nkhomaliro ndinatenga kalata ya ndege, ija ya buluu yongopinda n'kumata, ndipo ndinalemba osapumira. Ndinati: "Achemwali, zandigwera. Mwana wanga amuphunzitsa. Akumabwera kumeneko masanasana kudzera m'makina ochapira, ndipo wakumana ndi uja tinataya, mpaka akudziwa chitenje. Ndifunsireni kwa odziwa. Kodi ndimutumize kumeneko akamuchotse, kapena nditani?" Ndinanyambita m'mbali, ndinamata, ndinatsika n'kukaiponya m'bokosi la makalata la pakona, pafupi ndi siteshoni. Chitseko cha bokosilo chitati khu, mtima unatsikako pang'ono. Ndinkaona ngati ndawanong'oneza achemwali m'khutu.

Lachitatu ndinamuletsa kupita kochapa. Ndinati kuyambira lero ndizichapa ndekha. Anandiyang'ana modabwa, chifukwa ndinali nditamulalatira chaka chathunthu kuti mwana wamkazi aziphunzira ntchito, koma anangokweza mapewa. Ndinatsika ndi dengu langa. Kuchipindako kunalibe munthu. Ndinakaima kutsogolo kwa makina omalizira aja, ine mayi wamkulu wa ntchito yake, ndikupemphera chamumtima. Ndinagwira chitseko, chinali chofunda. Ndinatsegula. Munali masokosi a munthu wina ndi kabudula wa mwana. Ndinasuzumira mpaka kumbuyo, kenako ndinachita manyazi, koma mantha sanachoke.

Masiku atatu amenewo ndinkamulondalonda. Akalowa kubafa ndinkawerenga mphindi. Akachedwa pang'ono kuchokera ku sukulu ndinkaima pawindo. Ndinkanunkhiza zovala zake kuti mwina ndimva utsi wa nkhuni, ndinkayang'ana kunsi kwa nsapato zake kuti mwina ndipeza dothi lofiira. Ndinapeza mchere umene amathira m'misewu kukagwa chipale chofewa, basi. Iye anaona kuti china chake chalakwika. Anandifunsa kawiri ngati wandilakwira, ine n'kunena kuti ndi chimfine.

Loweruka linali tsiku loluka tsitsi. Ndinkafuna kumuimbira foni mnzangayo kuti asabwere, koma ndinaopa kuti adziwa kuti ndadziwa. Anafika chakum'mawa mwana ali ku laibulale, atavala chijasi chake chachikulu, akudandaula za kusintha sitima kawiri. Anatulutsa zitumbuwa zokulunga m'pepala n'kuziika patebulo. Atangolowa kubafa kukasamba m'manja, ndinazitenga n'kuziponya m'bini. Sindinaganize zoti pepalalo lionekera.

Anatuluka, anayang'ana patebulo, anayang'ana m'bini, kenako anandiyang'ana ine.

"Amake mwana, n'chani ichi?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinali nditausunga masiku asanu. Zonse zinatuluka nthawi imodzi: kope, siwiti, makina, msuku, chitenje. Ndinamaliza ndi kunena kuti, "Munthu amene ndinamuuza ndinu nokha. Ndiuzeni, mwana wanga mumapita naye kuti?"

Anakoka mpando n'kukhala, chijasi chili m'thupi.

"Imwe, muli bwino-bwino mumutu? Munaniuza, inde. Manje munaniuzira kuti?"

"Muno m'khitchini."

"Pa mpando uno. Ine nenze kuchita chani?"

Analoza pansi ndi chala.

"Nenze kumumanga tsitsi! Mwana enze apa, pansi, pakati pa mendo yanga. Imwe munali pa sinki apo, mukamba, mukamba, msuku, mvula, chitenje, vonse."

Ndinati koma anali akuwerenga buku. Ndinati komanso Chichewa chozama ngati chimenecho iye samva. M'mutu mwanga tsiku limenelo tinalipo anthu awiri, ndipo mwanayo anali mutu chabe umene ukulukidwa.

"Samvera? Peji sanatembenuze olo kamozi. Misozi inagwera pa buku, ine n'naganiza ati namukoka maningi tsitsi, n'namupepesa. Ana aba bamvera vonse, ni kuyankha chabe kwamene safuna." Anaimirira n'kutenga chikwama chake. Pachitseko anatembenuka. "So ine ndine mfiti chifukwa nilibe mwana?"

Zimenezo sindinanene, koma sindikanatha kulumbira kuti sindinaziganize. Anapita osaluka tsitsi. Panatenga miyezi, ndi maulendo angapo a ku Landover ine nditagwada pakapeti pake, kuti adzapondenso pakhomo panga.

Mwana atabwera ku laibulale ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti ndinawerenga kope lake. Za ufiti sindinatchule. Anakwiya monga amakwiyira ana a kuno, akulankhula mothamanga za ufulu wake ndi zinthu zake, n'kukamenyetsa chitseko. Likanakhala tsiku lina ndikanamutsatira kukamukumbutsa kuti chitsekocho si chake. Tsiku limenelo ndinangokhala. Patapita ola anatuluka maso ali psuu, kopelo lili m'manja. Anati aphunzitsi a Chingerezi anawauza kuti aliyense alembe nkhani ya mtundu umene amakonda kuwerenga, ndipo iye anafuna mtsikana wamphamvu amene akhale wakuda, wokhala m'fulati ngati yathu, chifukwa m'mabuku ake onse munalibe wotero. Ndinamufunsa kuti nanga mnyamata uja anamuikiramo chiyani.

"Nobody talks about him," anatero. Anati chimvereni nkhaniyo ankangoganiza za iye ali yekhayekha pamvula, ndipo ankafuna kuti akhale ndi munthu womuyendera. Kenako anandifunsa ngati msuku ndi mtengo waukulu kapena waung'ono, chifukwa m'mabuku a ku laibulale sanaupeze.

Apo ndiye ndinalira. Misozi imene anandiletsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo inatuluka masana amenewo, pa mpando wa m'khitchini, mwana wanga atandigwira mutu. Ndinamva chimwemwe chimene sindingachifotokoze. Mwana wanga anali wanga, palibe anamutenga, ndipo anali ndi mtima wabwino kuposa make. Ndili m'manja mwake momwemo, ndikupukuta mphuno, ndinakumbukira kalata.

Pamodzi ndi kalatayo ndinakumbukira chinthu chimene ndakhala ndikuchidziwa moyo wanga wonse: achemwali anga sawerenga. Makalata anga onse ankawatengera kwa alamu athu, akazi a achimwene, amene anafika Sitandade sikisi ndipo ankawerengera mudzi wonse. Alamuwo si munthu woipa. Kungoti pakamwa pawo sipagona nkhani. Ankawerenga kalata ya munthu mokweza, pakhonde, akuima pakati kuti athirirepo ndemanga, ndipo pofika kuchitsime amakhala ataionjezera ndime ziwiri. Zaka zonsezo ndinkalemba makalata anga mosamala podziwa zimenezi. Tsiku limodzi lokha limene kusamala kunkafunika, ndinalemba ngati achemwali adzawerenga okha.

Kumudzi mwana akangotchulidwa kamodzi kuti ndi mfiti, dzinalo silichoka. Ndinawaonapo anthu otero ndili wamng'ono, amayi a imvi amene ankatungabe madzi paokha chifukwa cha mawu amene wina ananena iwo ali atsikana. Tsopano dzina la mwana wanga linali m'thumba la makalata, ndipo wolemba mlanduwo ndi make.

Lamlungu ku tchalitchi sindinamve ngakhale liwu limodzi la ulaliki. Lolemba ndinapempha kutuluka msanga n'kuthamangira ku positi ofesi. Bambo amene anali pawindo anandimvetsera moleza mtima, anandifunsa tsiku limene ndinaiponya, n'kupukusa mutu. Anati pofika pano yawoloka kale nyanja, palibe angaigwire. Foni kumudzi kunalibe, ya pafupi inali ku boma, ndipo ndikanatuma ndani kuti akaitane achemwali popanda kufotokoza chifukwa? Ndiye ndinachita chinthu chimene ndinkachiona ngati nzeru. Ndinatumiza telegalamu, chifukwa imathamanga kuposa kalata. Ndinalemba mawu ochepa: MUSATSEGULE KALATA IKUBWERA. IOTCHENI.

Ndinatuluka mmenemo ndikudziyamikira. Ndili pa masitepe oyenda okha otsikira ku sitima m'pamene ndinadzifunsa kuti kodi telegalamuyo akawerenge ndani. Ndinatsala pang'ono kukhala pansi pomwepo. Munthu amene amasuzumira m'poto wa eni osaitanidwa, ine ndinali nditamutumizira uthenga wachangu womuuza kuti kukubwera kalata yosayenera kuwerengedwa.

Ndinalembanso kalata yachiwiri, yaitali, yofotokoza kuti inali ntchito ya ku sukulu, kuti kuno ana amapeka nkhani zotere n'kupatsidwa malikisi, kuti ine ndi amene ndinapenga ndi chimfine. Ndikulemba ndinkadziwa mmene zikamvekere pakhonde paja. Sukulu yanji yophunzitsa ana kulemba za kumanda? Bambo ake anabwerako ku ulendo wawo, ndinawalandira, sindinawauze. Mwana anapeza malikisi apamwamba pa nkhani yake ndipo anaimata pafiriji, ine ndinamuyamikira maganizo ali pa kalata ija. Madzulo aliwonse pochokera ku ntchito ndinkatsegula kabokosi kathu ka makalata pansi paja. Ndinkapemphera zinthu zochititsa manyazi: kuti thumba lija linyowe, kuti lisochere lipite dziko lina, kuti mbewa za ku positi zidye.

Yankho linafika patatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, m'dzanja la alamu lozungulira bwino lija. Ndinaliwerengera pa masitepe, osafika n'komwe m'nyumba. Anayamba ndi moni, mvula, chimanga, mbuzi imene inaswa awiri. Kenako anati telegalamu inafika, kalata inafikanso, ndipo anaiotcha osatsegula monga ndinanenera, ndisade nkhawa. Ndinapuma. M'munsi mwenimweni, pafupi ndi pomata, anaonjezera mzere umodzi: "Koma mwanayo muzimupempherera kwambiri, ndipo zochapa muzichapa nokha."

Ndinaipinda kalatayo n'kuibisa m'chikwama. Kwa zaka ziwiri ndinasunga chinsinsi chimenechi ndekha. Ndinkadzitonthoza kuti anthu amaiwala, kuti kumudzi nkhani zatsopano sizisowa, kuti pofika tsiku limene tidzapiteko adzakhala atapeza wina womunena. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze mwanayo, koma tinali titayamba kugwirizana kuposa kale. Ankandiwerengera nkhani zake ndikuphika, atsikana ake amphamvu aja, wina womva zolankhula za mitengo, wina woimitsa sitima ndi maso, ndipo ankandifunsa maina a zinthu za kwathu kuti aikemo. Ndinaopa kuwononga zimenezo.

Kenako ofesi ya bambo ake inatipatsa ulendo wa kumudzi, banja lonse. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anasangalala kuposa tonse. Miyezi iwiri yathunthu ankayeserera moni pagalasi, kugwada, kuwomba m'manja, kulandira chinthu ndi manja awiri. Ine ndinkaonda. M'ndege sindinadye kanthu.

Anatilandira bwino, nthungululu, nyimbo, nkhuku. Achemwali anamukumbatira mwana wanga n'kulira, ndipo ndinati mwina Mulungu wandimvera. Koma ena onse ankagwira dzanja bambo ake, ankagwira dzanja ine, akafika pa iye n'kungowomba m'manja chapatali. Ana amene anathamangira galimoto yathu anaitanidwa mmodzimmodzi ndi amayi awo, mpaka pabwalo panatsala akuluakulu okha. Mwana wanga anandifunsa kuti ana aja apita kuti. Ndinati ndi amanyazi, sanazolowere alendo. Tsiku lachiwiri anapita kuchitsime ndi ndowa kuti akaphunzire kusenza, ndipo anabwerako msanga. Anati atangofika aliyense anakumbukira kuti ali ndi ntchito kunyumba. Ndinati ndi nthawi yophika.

Tsiku lachitatu m'mawa tinapita kukaona msuweni wake, mwana wa alamu aja, amene anali ndi khanda la miyezi iwiri. Tinakhala pamphasa pakhonde. Khandalo linali lonenepa, la tsitsi lambiri, ndipo mwana wanga maso sanalichotse. Anasendera pafupi chogwada, monga anayeserera, anatambasula manja onse awiri, n'kunena ndi Chichewa chake chopindika chija, "Ndimunyamuleko?"

Msuweni wakeyo anamwetulira ndipo anayamba kumasula nsalu. Alamu anali pakhomo akupeta mpunga. Sanakweze mawu, sanasiye n'komwe kupeta.

"Iwe, usayerekeze. Si ameneyu amabwera kumanda kuno pa makina ochapira? Make yemwe anachita kulemba."

Msuweniyo anamanganso nsalu, anaimirira, nati mwana akufuna kugona, n'kulowa m'nyumba. Mwana wanga anatsala chogwada, manja ali m'malere. Anawatsitsa pang'onopang'ono n'kuwaika pamaondo. Sanayang'ane alamu. Anayang'ana ine, ndipo anandifunsa motsitsa, m'Chichewa, kuti aliyense pakhondepo amve.

"Amayi, n'zoona? Munalemba ndinu?"

Ndikanatha kunena kuti alamu asokoneza, kuti ndi nkhani za kumudzi. Mabodza awiri ndinali nditamuuza kale sabata imeneyo, ndipo lachitatu linali pa lilime.

"Ndine," ndinatero.

Anagwedeza mutu kamodzi. Anaimirira, anasasa fumbi pa chitenje chimene achemwali anamuveka, anawomba m'manja kutsanzika eni nyumba mwaulemu wonse, n'kuyamba kuyenda yekha kulowera kumene tinaimika galimoto. Masabata atatu otsalawo anakhala ku Lilongwe kwa anzawo a bambo ake. Lero ndi mayi wa ana ake, amandiimbira foni Lamlungu lililonse, amandiperekeza kuchipatala. Koma kwathu sanapondekonso, ndipo achemwali atamwalira ndinakwera ndege ndekha.